Pa fomu tilembe chiyani: ogontha, osamva, kapena a vuto la kumva?

KalemberaWaDomue
Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo. Komiti ya makolo kuno ku Dómuè, m'boma la Angónia ku Mozambique, ikukonza fomu ya kalembera wa ana ndi akulu amene makutu awo sagwira bwino, kuti tikamapita kwa akuluakulu a maphunziro ku Ulónguè tikhale ndi mayina m'manja. Fomuyi ikhala mbali ina Chipwitikizi, mbali ina Chichewa. Ku Chipwitikizi mawu akulimbana ndi atatu: surdo (wogontha), surdo-mudo (wogontha ndi wosalankhula) ndi deficiente auditivo (wa ulumali wa makutu). Ku Chichewa ndiye chipwirikiti: ena akuti "osamva ndi osalankhula", ena "ogontha", ena "a vuto la kumva", ena "a ulumali wa makutu". Tonse a m'komiti timamva. Eni akenu muli pa gulu pano, dzina liti limakukomerani, liti limakuwawani? Tikufuna mawu amodzi okwanira onse.

ManjaAnga
Yambani mwafufuta surdo-mudo ndi "osalankhula". Zinazo tikambirana.

Furancungo77
Koma achimwene, ngati munthu salankhula timutchule bwanji? Si kunyoza ayi, ndi kunena zimene zilipo.

ManjaAnga
A Furancungo77, zimene zilipo ndi izi. Munthu wogontha kholingo lake ndi labwinobwino, lilime ndi mapapo chimodzimodzi. Amaseka mokweza, amalira, amakuwa galu akamuthamangitsa. Ngakhale khanda logontha limayamba timawu ta ana ngati anzake, kenako limasiya chifukwa silidzimva lokha ndiponso silimva amene akuliyankha. Mwana amaphunzira kulankhula pomva ena ndi kudzimva yekha n'kumakonza. Ndiye chatsekeka ndi khutu, pakamwa palibe chilema.

Chachiwiri, pali ambiri amene anagontha ali ndi zaka 8 kapena 10 atadwala matenda oumitsa khosi kapena malungo aakulu. Amenewa Chichewa amalankhula bwino lomwe, kungoti mawu amakwera kapena kutsika osadziwa. Fomu yanu idzawalemba "osalankhula" iwo ali pomwepo akulankhula nanu.

Chachitatu ndi chimene chimatiwawa. Amene timagwiritsa ntchito manja timalankhula. Timakangana, timachita miseche, timafunsira mbeta, timatsutsana za mpira. Mawu akuti mudo akalembedwa pa pepala la mwana, mphunzitsi amawawerenga ngati "uyu musamufunse kanthu", n'kumukhazika kumbuyo kwenikweni, chaka n'kutha osamulozako chala.

Furancungo77
Za kholingozo ndamva. Ndiye tingoti "osamva" basi, nkhani yatha.

Nachisale_Ulongue
Siinathe, achimwene. Pitani pa mpopi uliwonse munene kuti "mwana wa uje ndi wosamva", muone ngati amayi aganize za makutu. Aganiza za mwano. Ndipo si nkhani ya mawu chabe, ana amakwapulidwa nazo. Amene amakwapulidwa kwambiri si wogontha kotheratu, chifukwa iyeyo mudzi wonse umamudziwa. Ndi uja amamva pang'ono. Akamuitana pafupi akuyang'anizana, amayankha. Akamuitana ali chofulatira kapena ali kuseri kwa nkhokwe, zii. Makolo n'kumati amamva akafuna, ndi nkhutukumve. Mwana amene khutu limatuluka mafinya kapena muli madzi kuseri kwa nembanemba ya m'khutu, kumva kwake kumasinthasintha: sabata ino bwino, chimfine chikamugwira sabata yamawa samva. Kwa kholo zimaoneka ngati dala.

Mukalemba "osamva" pamwamba pa fomu, makolo ena sabwera chifukwa cha manyazi, ena abweretsa ana amwano enieni.

MbatataYaAngonia
Kkkk ine ndibweretsa atatu.

ChalaChaTsangano
Ine ndi mmodzi wa amene timasankha "wogontha", ndipo sindichita nalo manyazi. Koma siyanitsani "munthu wogontha" ndi "gonthi". Loyambalo likunena za makutu a munthu. Lachiwirilo limadya dzina. Pamudzi mwana amene anabatizidwa ndi dzina lake amasanduka Gonthi, nyumba yake "kwa Gonthi", ana ake "ana a Gonthi", mpaka pamaliro ake anthu kufunsana kuti dzina lake lenileni linali ndani. Ndiponso ndi mawu amene akumva amatukwanirana okhaokha: "Iwe ndiwe gonthi eti?" Mawu otukwanira sangakhale mutu wa fomu.

Achinyamata ena ogontha amatchulana choncho pocheza, inde. Zimenezo ndi za iwo okha, wakunja asatengerepo.

KhutuLaKumanja
Pepani akuluakulu, apa ndikutsutsa. "Ogontha" musaliike kukhala ambulera ya tonse. Tilipo ambiri amene timamva pang'ono, tinakula tikulankhula, chinenero chamanja sitichidziwa. Taonani chimachitika n'chiyani tikalembedwa surdo. Okonza msonkhano amayesetsa, amapeza womasulira wa manja, amamuimika kutsogolo, iwo mtima pansi kuti athandiza. Ife tikungoona manja akuuluka, osatolapo kanthu. Pamene chimene timafuna n'chotchipa: mpando wakutsogolo, wolankhula ayang'ane kwa ife, asaime kutsogolo kwa zenera chifukwa nkhope imada, asaphimbe pakamwa ndi maikolofoni kapena pepala, alankhule mmodzimmodzi, ndipo manambala ndi masiku alembe pa bolodi. Ife tiikeni pa "ovutika kumva".

ManjaAnga
A KhutuLaKumanja, ndinene mosabisa. Ambiri amene amati "ndimamva pang'ono" samva kanthu. Akuthawa dzina. Amagwedeza mutu pagulu, kuseka anzawo akaseka, kunyumba n'kukafunsa kuti anati chiyani. Akanavomera msanga bwenzi ataphunzira manja.

KhutuLaKumanja
Alipo otero, sindikana. Koma si inu woyeza makutu a mnzanu. Kwa akumva ndife agonthi, kwa inu ndife onamizira. Tipite kuti?

ManjaAnga
Bwerani kwathu, khomo ndi lotsegula. Koma mubwere ndi manja, osati pakamwa.

TekinikoWaMakutu
Ndilowererepo ndi za muyeso, chifukwa onse awiri mukunena zoona mbali ina. Poyeza, munthu amavala zomvera m'makutu m'chipinda chopanda phokoso, timamuimbira kamvekedwe kamodzikamodzi kuyambira kotsika 250 Hz mpaka kokwera 8000 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa kamvekedwe), khutu lililonse palokha, n'kulemba mphamvu yochepetsetsa imene wamva. Kenako timatenga pakatikati pa zotsatira za 500, 1000, 2000 ndi 4000 Hz. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, mu lipoti lake la 2021 linagawa motere, potengera khutu limene likumva bwinopo: pansi pa 20 dB (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu) palibe vuto, 20 mpaka 35 vuto lochepa, 35 mpaka 50 lapakati, 50 mpaka 65 lokulirapo, 65 mpaka 80 lalikulu, 80 mpaka 95 lalikulu kwambiri, 95 kupita m'mwamba ndiye kugontha kotheratu. Kucheza wamba kumakhala cha m'ma 60 dB. Ndiye wa 40 dB amamva mukamacheza naye awiriwiri, koma mu chapa (minibasi) kapena pa msika wa Lachisanu watayika. WHO yomweyo imati "ovutika kumva" ndi kuyambira vuto lochepa mpaka lalikulu, pamene "ogontha" kawirikawiri ndi a lalikulu kwambiri.

Koma pepala limeneli silipereka dzina. Anthu awiri a 75 dB akhoza kukhala osiyana kutalitali. Wina anabadwa choncho, anakulira pakati pa ogontha anzake, manja ndiye chinenero chake, ndipo amadzitcha wogontha monyadira. Wina zamugwera ali ndi zaka 40, maganizo ake onse ali m'Chichewa cholankhula, ndipo mukamutcha wogontha amamva ngati mwamuika m'manda. Nambala imandiuza chipangizo choti ndimupatse. Dzina amasankha mwini wake.

China chimene makolo samvetsa: kumva phokoso ndi kumva mawu ndi zinthu ziwiri. Kwa okalamba ndi kwa amene makutu anaonongeka ndi phokoso, zimayamba kutayika ndi zokwera, monga s, f, ts, ch. Munthu amamva kuti mwalankhula, koma "kusesa" ndi "kufesa" zimamveka chimodzi. Mukakuwa mumangokweza a, e, o, pamene s ndi f zikadali zobisika. N'chifukwa chake kukuwa sikuthandiza, kumangomupweteka m'khutu.

MbatataYaAngonia
Nanga si amawerenga milomo? Ine ndimaona ngati ogontha onse amatha zimenezo.

ChalaChaTsangano
Imani pa galasi, nenani "mowa" kenako "bowa" osatulutsa mawu. Nenaninso "phala", "bala", "mala". Mwaona kusiyana? Palibe. P, b ndi m milomo imatsekeka chimodzimodzi. K, g ndi ng' zimapangidwira kukhosi, sizioneka n'komwe. Ndiye Chichewa chili ndi kukweza ndi kutsitsa mawu, kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pa msika, ndipo zimenezo pa milomo palibe. Wowerenga milomo amatola zidutswa, zotsalazo amalota malinga ndi nkhani. Mukasintha nkhani mwadzidzidzi, wasokera. Ndevu zambiri, chingamu, chimanga chokazinga m'kamwa, mdima wa madzulo, zonsezi zimatseka.

AmayiAkeAwiri
A Tekiniko, pepani ndipatuke pang'ono. Tizipangizo ta m'khutu timene amagawa a mabungwe tija, n'chifukwa chiyani timangolira ngati wezulo kenako n'kufa pasanathe miyezi?

TekinikoWaMakutu
Amayi, kulirako n'chifukwa chakuti mawu amene kachipangizo kakweza akutuluka m'mbali n'kubwereranso ku maikolofoni yake. Zifukwa zake: kachikombole kolowa m'khutu sikakukwana, kapaipi kang'ambika kapena kauma, kapena m'khutu mwadzaza phula. Kwa ana vuto lalikulu ndi kachikombole, popeza khutu likukula. Mwana wamng'ono amafunika kumupangira katsopano pakapita miyezi yochepa, wamkulupo mwina kamodzi pa chaka. Akangokupatsani kamodzi n'kupita, n'zosadabwitsa kuti kamathera m'chitini.

Kufako kawirikawiri ndi batire kapena chinyezi. Mabatire ake amadziwika ndi nambala ndi mtundu wa kapepala komata: 675 ka buluu, 13 ka olenji, 312 ka bulauni, 10 ka chikasu. Amagwira ntchito ndi mpweya. Mukamatula kapepalako dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri musanaliike, ndipo dziwani kuti mukangomatula layamba kutha, ngakhale mutamatanso. La 13 limatha sabata imodzi kapena ziwiri. Mabatire a wotchi ooneka ofanana musaikemo. Usiku tsegulani kachitseko ka batire, ikani kachipangizo m'botolo lotseka bwino limene muli timapaketi toyamwa chinyezi, batire likhale kunja kwa botolo. Nyengo ya mvula ku Angónia kuno chinyezi chimapha zambiri kuposa kugwa pansi. Osakaanika pa dzuwa kapena pafupi ndi moto. Ndipo khutu likamatuluka mafinya, chotsani kaye mpaka lichire.

Chomaliza, kachipangizo kamayenera kutcheredwa molingana ndi muyeso wa mwini wake. Kobwereka kwa malemu agogo kakhoza kukhala kofooka kapena kamphamvu mopweteka.

MkuluWaChigayo
Popeza tapatuka kale: anyamata a m'zigayo amagontha ndi chiyani, ufa kapena injini?

TekinikoWaMakutu
Phokoso. Malire amene ambiri amatsata pa ntchito ndi 85 dB kwa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi 3 dB nthawi yololedwa imadulidwa pakati. Muyeso wosafuna makina ndi uwu: ngati mukuyenera kukuwa kuti amve munthu amene waima potalika mkono umodzi, phokosolo likuononga. Thonje m'khutu silitchinga mokwanira, gulani zotsekera zenizeni zimene amavala a m'migodi ku Moatize. Khutu likamalira lokha usiku mukaweruka, ndiye chenjezo. Zoonongeka ndi phokoso sizibwerera.

Nachisale_Ulongue
Ndi nthenga za nkhuku ndi mitengo ya machesi tizisiye kutokosera m'makutu mwa ana. Mafuta ophikira ndi madzi a masamba m'khutu lotuluka mafinya ayinso, nembanemba imakhala yabooka kale. Pukutani kunja ndi kansalu koyera kopota, pitani naye kuchipatala.

KalemberaWaDomue
Zikomo nonse, koma fomu ija ikadali yopanda mutu. Nanga deficiente auditivo ndi "a ulumali"? Palibe wanenapo.

MphunzitsiWaZobue
Ndinenepo ine. Mawu amenewa ambiri sawakonda, koma musawataye msanga, chifukwa ndi amene ali m'malamulo. Malamulo aakulu a dziko lino a 2004, pa ndime 125, amakamba za anthu a ulumali, ndipo pomwepo ndi pamene boma limalonjeza kukonza njira zoti chinenero chamanja chiphunziridwe ndi kutukuka. Mozambique inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2012, ndipo mu 2024 kunatuluka lamulo lapadera la ufulu wawo. Mukapita ku ofesi kukapempha womasulira, malo pa sukulu kapena nthawi yoonjezera pa mayeso, khomo limene mukugogoda lalembedwa deficiência. Mukati "ife si a ulumali", kalaliki akhoza kukuyankhani kuti ndiye mwasochera ofesi.

Chimene chasintha ndi kaikidwe. Kale ankalemba portador de deficiência, ngati munthu wasenza katundu woti akhoza kutula. Tsopano amalemba pessoa com deficiência, munthu patsogolo. Ku Chichewa chimodzimodzi, "munthu wa ulumali" osati "wopunduka" kapena "chilema".

ManjaAnga
Aphunzitsi, za khomo la ofesi ndavomera. Koma onani bungwe lathu lomwe: ASUMO ndi Associação dos Surdos de Moçambique. Eni ake anasankha surdos, sanasankhe deficientes auditivos. Ku Malawi MANAD chimodzimodzi, ndi bungwe la ogontha. La dziko lonse, limene linayamba ku Rome mu 1951, nalonso ndi la ogontha. Deficiente auditivo ndi dzina la kuchipatala, limayang'ana chimene chikusowa. Ife tikakhala patokha palibe chosowa, nkhani zimayenda mpaka usiku bola pakhale nyale. Ulumali umayamba wakumva akalowa osadziwa manja.

Ndipo mantha athu ndi mawu a akatswiri ali ndi mbiri. Mu 1880 pa msonkhano wa ku Milan m'dziko la Italy aphunzitsi a ogontha, pafupifupi onse akumva, anagamula kuti ana aziphunzitsidwa ndi pakamwa pokha. M'masukulu ambiri manja analetsedwa kwa zaka zambirimbiri, ana kutha ubwana wonse akuphunzira kutchula mawu amene sakuwamva, masamu ndi zina zitaima. Msonkhano wa mtundu womwewo unadzakana chigamulocho mu 2010 ku Vancouver m'dziko la Canada. Ndiye ena polemba amaika S wamkulu, Surdo, kutanthauza munthu wa chinenero ndi chikhalidwe cha ogontha, osati muyeso wa khutu.

GogoWaMacanga
Ana anga, za S wamkuluzo ndi za ku Maputo ndi ku Beira kumene kuli masukulu ndi magulu. Kuno kumudzi wogontha amakhala yekha m'mudzi wonse, mnzake ali mtunda wa tsiku lathunthu. Sadziwa kuti kuli ASUMO, sadziwa kulemba, dzina limene mukukanganiranali sanalimvepo ndipo sadzalimva. Chimene amaona ndi nkhope. Amaona ana akumuyeserera ndi manja n'kumaseka, amaona akulu akukamba za iye ali pomwepo, amaona kuti pa mlandu wa munda wa bambo ake sanamuitane. Musinthe mawu pa pepala, izi zikhala.

ChalaChaTsangano
Agogo, mwanena zoona kuti iye salimva. Koma amene amagawa mundawo amalimva. Mfumu ikamuganizira ngati "chitsiru chija" kapena "mbuu uja", simuitana. Ikamuganizira ngati mwana wa malemu amene amafuna womasulira, imatuma munthu kukatenga mlongo wake amene amamvana naye. Dzina limagwira ntchito m'mitu ya akumva.

Ndipo kukhala yekhako ndiye chifukwa chake kalemberayu akufunika. Ana ogontha oposa 90 pa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva, amene sanaonepo chinenero chamanja. Mwana amafika zaka 7 ali ndi zizindikiro zochepa za pakhomo: kudya, madzi, bwera, pita. Si kuti mutu wake ndi wofooka, palibe anamupatsa chinenero pa nthawi imene ubongo umachilandira mosavuta, zaka zoyambirira zija. Akakumana ndi ogontha anzake msanga, amatola manja mofulumira kwambiri.

GogoWaMacanga
Apo ndiye mwanena. Koma mukafike kumidzi, osathera pa boma.

MphunzitsiWaZobue
Pa za manja, a Kalembera, muikepo funso lakuti manja ake ndi ati. Anthu amaganiza kuti chinenero chamanja ndi chimodzi dziko lonse. Ayi. Cha kuno ndi Língua de Sinais de Moçambique, cha ku Malawi ndi china, cha ku Portugal china, Libras ya ku Brazil imene achinyamata amaonera pa YouTube ndi inanso. Ife a m'malire zimatikhudza kwambiri. Mabanja a ku Angónia ndi ku Tsangano ali ndi abale mbali zonse, ndipo mwana amene anaphunzira ku Mua m'boma la Dedza abwera ndi manja a ku Malawi ndi kulemba Chingerezi, pamene amene anapita ku CREI, sukulu ya ku Tete yolandira ana a ulumali pamodzi ndi anzawo, abwera ndi manja a kuno ndi Chipwitikizi. Makolo awo amalankhula Chichewa chimodzi, anawo poyamba amavutika kumvana, ngakhale sachedwa kupeza njira. Mukaitana womasulira osafunsa, mukhoza kulipira munthu amene theka la chipinda silikumutsata.

Muganizirenso kuti wogontha amene anapita ku sukulu kuno nthawi zambiri amawerenga Chipwitikizi kuposa Chichewa, chifukwa Chichewa sanachimvepo ndipo sanachiphunzire polemba. Mbali ya Chichewa ya fomu yanu kwenikweni ndi ya makolo.

Furancungo77
Nanga bwanji ogontha eni ake akamadzitchula amaloza khutu kenako pakamwa? Si surdo-mudo yemweyo ameneyo?

ManjaAnga
Chizindikirocho chilipo m'zinenero zamanja zambiri, ndipo n'chakale. Lero chimangotanthauza "wogontha", basi. Womasulira wabwino akachiona amati surdo. Inu mukati "ndakufa ndi njala" sitikugulirani bokosi.

MlongoWaKwaya
Kutchalitchi nakonso tiyenera kusamala. Nkhani ya pa Marko 7, pamene Ambuye anatsegula makutu a munthu uja, imalalikidwa kawirikawiri, ndipo alaliki amakonda kunena za "kugontha kwa mumtima" kutanthauza uchimo. Wogontha amene akutsata kudzera kwa womasulira amaona dzina lake likuimira kuuma mtima sabata ndi sabata. Ena amakokeredwa kutsogolo kuti awapempherere asanafunsidwe, kuwakuwira m'khutu, zikakanika n'kumati chikhulupiriro chachepa kapena pali ziwanda. Ambiri amasiya kubwera chifukwa cha zimenezi. Pa Levitiko 19:14 pali lamulo loletsa kutemberera wogontha, koma limenelo silimveka pa guwa.

MbatataYaAngonia
Ndiye tisiye kupempherera odwala?

MlongoWaKwaya
Mufunseni kaye chimene akufuna mumupempherere. Mwina ndi fetereza ngati inu nomwe.

TekinikoWaMakutu
A Kalembera, mawu amodzi okwanira onse simuwapeza, ndipo fomu siikuwafuna. Pamutu lembani awiri: "Anthu ogontha ndi ovutika kumva", ku Chipwitikizi "Pessoas surdas e com deficiência auditiva". Apo a ManjaAnga alowa, a KhutuLaKumanja alowa, ndipo mawu a m'malamulo amene aphunzitsi akunena alipo.

M'kati musafunse kuti "ndinu chiyani". Funsani zimene zingagwire ntchito. Dzina lenileni ndi zaka. Vuto linayamba liti: chibadwire, asanayambe kulankhula, kapena atayamba kale. Linayamba pambuyo pa chiyani: malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi, chikasu ali wakhanda, jakisoni wa nthawi yaitali monga amene ankabaya odwala TB, phokoso la pa ntchito, kapena sizikudziwika. Khutu limodzi kapena onse. Kodi likutuluka mafinya panopa, chifukwa ameneyo ndi wa kuchipatala sabata yomweyo, asadikire kalembera. Anayezedwapo kapena ayi. Ali ndi kachipangizo, ndipo kakugwira ntchito. Amalumikizana bwanji ndi anthu: pakamwa, milomo, kulemba, manja a pakhomo, manja a kuno, manja a ku Malawi, ndipo apa alole kuchonga zingapo. Amawerenga chinenero chiti. Pamapeto siyani mzere wakuti "Mumafuna tizikutchulani bwanji?" Zimene walemba pamenepo ndi zimene muzigwiritsa ntchito pomuitana.

KhutuLaKumanja
Funso la khutu limodzi lisachoke. A khutu limodzi amaiwalika chifukwa pa muyeso wa khutu labwinolo amaoneka opanda vuto. Koma sadziwa kumene mawu akuchokera, njinga yamoto ikalira kumbuyo amatembenukira kolakwika, ndipo m'kalasi mwaphokoso amatopa msanga. Mwana wotere akhale poti khutu labwino liloze kwa mphunzitsi, lakufalo liloze kukhoma.

ManjaAnga
Mutuwo ndaulandira, ngakhale theka lachiwirilo silindikoma. Koma ndani adzadzaza fomuyi? Mukatuma akumva okhaokha, adzafunsa mayi, mayi n'kuyankha zonse, mwini wake wa zaka 30 atakhala pamphasa pomwepo akuyang'ana nkhuku. Gulu lililonse loyenda m'midzi likhale ndi wogontha mmodzi wodziwa manja. Iye amatha kumvana ndi wa manja a pakhomo mofulumira kuposa womasulira wakumva. Ndipo muonjezere mzere wakuti wayankha mafunsowa ndani, mwini wake kapena wachibale.

AmayiAkeAwiri
Kwa mwana wa zaka 4 ayankha ndi mayi basi, palibe kuchitira mwina. Koma mzere wa dzina lija muusiye wopanda kanthu, adzadzaza yekha akakula.

KalemberaWaDomue
Nanga okalamba? Tikati "ogontha ndi ovutika kumva" agogo ambiri sabwera, amati iwo ndi ukalamba chabe.

GogoWaMacanga
Sitibweradi. Inu musatifunse ngati tili ogontha. Funsani ngati timamva bwino zolengeza pamaliro, ngati adzukulu amadandaula kuti wailesi takweza, ngati timamva foni ikaitana ili m'chipinda china. Tikayankha, chongani nokha mwakachetechete. Ndipo mubwere m'mawa tisanapite kudimba.